P53: KAPITAWO WA M'THUPI AMENE AMALETSA ZOTUPA ZA KHANSA

KHANSA ndi matenda amene mabanja ambiri m'makomboni amaopa ngakhale kuwachula dzina. Munthu akapezeka ndi cotupa m'bere, kum'mero, m'ciwindi kapena pa khomo la ciberekero, acibale amayamba kunong'onezana za ufiti, ndipo ndalama zocepa zimene banja liri nazo zimathera kwa ang'anga wodwalayo asanafike n'komwe kucipatala.

Koma akatswiri ofufuza za matenda anapeza kale kuti khansa imayambira m'thupi la munthu mwini, ndiponso kuti thupi liri ndi njira zake zoiletsera. Imodzi mwa njira zazikulu ndi kanthu kosaoneka ndi maso kochedwa p53, kamene kali mwa munthu aliyense, mwana ndi wamkulu yemwe. Pa zotupa zonse za khansa zimene zimapimidwa pa dziko lapansi, pafupifupi theka zimapezeka kuti p53 wake anaonongeka. M'zambiri mwa zotsalazo p53 alimo ndithu koma analandidwa mphamvu.

Nkhani imeneyi ikhudza nyumba iriyonse, cifukwa zina mwa zinthu zimene zimaononga p53 zimapezeka m'saka la nshawa, m'ndudu ya fodya ndi m'kalombo kamene anthu amapatsirana pogonana.

NYUMBA YOSATHA KUMANGIDWA

Thupi la munthu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono tochedwa maselo, monga momwe nyumba imamangidwira ndi njerwa. Kusiyana kwake ndi kwakuti maselo ali ndi moyo. Amakula, amakalamba, amafa, ndipo ena atsopano amalowa m'malo mwao. Maselo a mkati mwa matumbo amasinthidwa pasanathe sabata imodzi, pamene a khungu amatenga pafupifupi mwezi.

Selo latsopano limakhalapo pamene selo lakale lagawika pakati ndi kukhala awiri. Lisanagawike liyenera kukopera malangizo onse amene liri nao kuti awiriwo akhale ndi malangizo ofanana. Malangizowa analembedwa pa kaulusi kochedwa DNA, kamene kanapindidwa mkati mwa selo, ndipo atakatambasula kangatalike pafupifupi mamita 2. Kaulusi kameneka kali ndi ndime zochedwa majini, ndipo jini limauza selo kapangidwe ka cinthu cofunika m'thupi cochedwa puloteni. Majini otere alipo pafupifupi 20,000, ndipo munthu amawalandira awiriawiri, lina kucokera kwa atate ake ndi lina kwa amai ake.

Pokopera malangizo oculuka cotere zolakwika sizilephera kukhalapo. Utsi, poizoni wa m'zakudya, ceza ca dzuwa ndi tizilombo tina zimaonjezera kuononga DNA. Zolakwika zambiri zimakonzedwa nthawi yomweyo, koma zikagwera pa majini amene amalamulira kugawika kwa selo ndipo osakonzedwa, selolo limayamba kuswana kosalekeza. Mulu wa maselo otere ndiwo cotupa.

Madokotala amasiyanitsa khansa ya m'magazi, imene kawirikawiri siipanga mulu, ndi khansa ya zotupa zolimba monga ya m'bere, m'mapapo, m'matumbo, kum'mero ndi pa khomo la ciberekero. Kuonongeka kwa p53 kumapezeka kwambiri m'zotupa zolimbazi kusiyana ndi m'khansa ya m'magazi. Ciyenera kudziwikanso kuti si cotupa ciriconse cimene ciri khansa, ndipo ndi kupima kwa kucipatala kokha kumene kungasiyanitse.

NCHITO YA KAPITAWO

P53 ndi puloteni, koma nchito yake ndi yosiyana ndi ya mapuloteni amene amamanga minofu kapena kugaya cakudya. Nchito yake ndi kulamulira majini ena. Ali ngati kapitawo pa nchito yomanga, amene sanyamula njerwa koma amauza anyanchito kuti uyu ayambe, uyo aleke. Ma p53 anai amagwirana pamodzi ndi kukakhala pa malo osankhika a DNA, ndipo akakhala pamenepo majini amene anali cete amayamba kugwira nchito. Majini amene amamvera p53 ndi mazana angapo.

Selo likakhala bwino p53 saculuka. Pali puloteni ina yochedwa MDM2 imene imamugwira ndi kumupereka kuti aphwanyidwe patangopita mphindi zocepa atapangidwa. Koma DNA ikangoonongeka, kapena selo likayamba kukakamizidwa kugawika mopitirira muyeso, MDM2 imamuleka ndipo p53 amaculuka msanga ndi kuyamba kupereka malamulo.

Lamulo loyamba ndi lakuti nchito iime. P53 amadzutsa jini limene limapanga puloteni yochedwa p21, ndipo p21 imaimitsa selo kuti lisagawike. Lamulo laciwiri ndi lakuti colakwikaco cikonzedwe, ndipo majini okonza DNA amauzidwa kulimbikira nchito yao. Zikakonzeka, p53 amacepanso ndipo selo limapitiriza moyo wake monga kale.

Lamulo lacitatu limaperekedwa pamene kuonongeka kwakula kwambiri. Nthawi zina selo limapumitsidwa nchito kwa moyo wake wonse, kuti likhalepo koma lisadzagawikenso. Nthawi zina p53 amadzutsa majini monga PUMA ndi BAX, amene amacititsa selo kudzipha lokha. Selolo limafota ndi kuphwanyika m'tizidutswa, ndipo maselo oyeretsa m'thupi amacotsa zotsalazo munthu osamva kanthu. Kapitawo wodziwa nchito amagwetsa cipupa copendekeka cisanafike pa denga, cifukwa kutaya njerwa zocepa n'kwabwino kusiyana ndi kutaya nyumba yonse.

COTUPA CIMAFUNA MAGAZI

Pa zotupa zolimba pali nkhondo inanso, ndiyo ya magazi. Dokotala wa ku America, Judah Folkman, anafotokoza m'caka ca 1971 kuti cotupa sicingakule kupitirira mamilimita 1 kapena 2, kutanthauza kukula ngati kanjere ka mawere, ngati sicinapeze mitsempha yakeyake ya magazi yocibweretsera cakudya ndi mpweya. Cotupa cimene cifuna kukula cimatumiza uthenga ku mitsempha yapafupi kuti iphuke nthambi ndi kulowa mwa ico.

M'caka ca 1994 ofufuza anaonetsa kuti p53 amadzutsa jini lopanga puloteni yochedwa thrombospondin, imene imaletsa mitsempha yatsopano kuphuka. Motero malinga ngati p53 ali bwino, kacotupa kamamanidwa magazi.

Mkati mwa cotupa cimene cikukula mofulumira mpweya umacepa, ndipo maselo amene ali ndi p53 wabwino amamva kusowa kumeneku ndi kudzipha. Koma ngati pakati pao pali selo limene p53 wake anaonongeka, ilo silifa. Limatsala, limaswana, ndipo patapita nthawi cotupa conse cimakhala ca ana a selo limenelo. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene cotupa cokhalitsa cimabvutira kuciza kusiyana ndi cotupa cimene capezeka msanga.

MMENE P53 ANAPEZEKERA

P53 anapezeka m'caka ca 1979 ndi magulu angapo a ofufuza amene anali kugwira nchito payekhapayekha. Ena mwa iwo anali David Lane ndi Lionel Crawford ku London, ndiponso Arnold Levine ndi Daniel Linzer ku Princeton m'dziko la America. Iwo anali kuphunzira za kalombo ka anyani kochedwa SV40 kamene kamayambitsa zotupa mwa nyama zina, ndipo anaona puloteni yacilendo itamamatira ku puloteni ya kalomboko. Cilembo ca p cimaimira puloteni, ndipo nambala 53 inacokera pa kulemera kwake monga momwe anakupimira panthawiyo.

Kwa zaka pafupifupi 10 akatswiri anali kuganiza kuti p53 ndi woyambitsa khansa, popeza anali kumupeza woculuka m'zotupa. Coonadi cinadziwika m'caka ca 1989 pamene gulu la Bert Vogelstein pa yunivesite ya Johns Hopkins ku Baltimore linapima zotupa za m'matumbo ndi kupeza kuti pa majini awiri a p53, limodzi linali litatayika ndipo linalo linali lolakwika. P53 woculuka uja anali wopunduka, wosatha kugwira DNA.

Puloteni ya p53 iri ngati cingwe ca timikanda 393, ndipo kusintha kwa kamkanda kamodzi kokha pamalo ofunika kungaononge nchito yonse. Coipa cina ndi cakuti p53 wopunduka akalowa m'gulu la anai lija amalepheretsanso anzake abwino. Nsomba ikaola imodzi zaola zonse.

M'caka ca 1992 ofufuza a ku Houston anabereketsa mbewa zopanda jini la p53. Zinabadwa zooneka bwino, koma zambiri zinagwidwa ndi zotupa zisanakwanitse miyezi 6. M'caka comweco David Lane anapatsa p53 dzina limene linafala pa dziko lonse, lakuti mlonda wa majini. Pambuyo pake, m'caka ca 2007, magulu ena anaonetsa kuti akabwezeretsa p53 m'zotupa zina za mbewa, zotupazo zimafota.

Pali mabanja ocepa kwambiri amene ana ao amabadwa ndi jini limodzi la p53 lolakwika kale. Mabanja otere anafotokozedwa ndi madokotala awiri, Frederick Li ndi Joseph Fraumeni, m'caka ca 1969, ndipo cifukwa cake cinadziwika m'caka ca 1990. Anthu a m'mabanja amenewa amadwala khansa akali ana kapena acinyamata, ena kangapo pa moyo wao. Banja limene khansa yagwira acibale angapo akali ang'ono liyenera kuuza dokotala mbiri imeneyi m'malo molozana zala. Koma kwa anthu ambiri, kuonongeka kwa p53 sikobadwa nako. Kumacitika munthu ali kukula, m'selo limodzi la ciwalo cimodzi, ndipo sikupita kwa ana ake.

CINSINSI CA NJOBVU

Njobvu ngati za ku cigwa ca Luangwa ziri ndi maselo oculuka kwambiri kuposa munthu ndipo zimakhala ndi moyo zaka 60 kapena kuposa. Zikadayenera kumadwala khansa kuposa anthu, koma sizitero. Lipoti la m'caka ca 2015 la gulu la Joshua Schiffman ku Utah linaonetsa kuti pa njobvu 100 zimene imfa zao zinalembedwa, zosakwana 5 ndizo zinafa ndi khansa.

Ofufuzawo anapeza kuti pamene munthu ali ndi majini awiri a p53, njobvu ya mu Africa iri nao pafupifupi 40. Atawalitsa ceza coononga DNA pa maselo a m'magazi a njobvu ndi a munthu, anaona kuti maselo a njobvu anali kudzipha moculuka kuwirikiza kawiri. Njobvu siicedwa ndi selo lokaikitsa. Munthu alibe mwai umenewu, ndipo ndiye cifukwa cake awiri amene ali nao afunika kuwasamala.

KALOMBO KAMENE KAMACOTSA KAPITAWO

Khansa ya khomo la ciberekero ndiyo imagwira ndi kupha azimai ambiri m'Zambia kuposa khansa ina iriyonse. Imayamba ndi kalombo ka HPV, kamene anthu amapatsirana pogonana. M'zaka za 1983 ndi 1984 katswiri wa ku Germany, Harald zur Hausen, ndi anzake anapeza mitundu iwiri ya kalomboka, ya nambala 16 ndi 18, m'zotupa za khomo la ciberekero. Mitundu iwiri imeneyi ndiyo imayambitsa pafupifupi 7 mwa khansa 10 zirizonse za mtundu umenewu. Iye analandira mphoto ya Nobel m'caka ca 2008 cifukwa ca nchito imeneyi.

Mmene kalomboka kamacitira zinadziwika m'caka ca 1990. HPV ikalowa m'selo imafuna kuti selolo lizigawika kuti nayonso iswane. P53 akadatha kuletsa zimenezi mwa kupha selolo, koma kalomboka kamapanga puloteni yake yochedwa E6, imene imagwira p53 ndi kumupereka kuti aphwanyidwe. Jini la p53 limakhala liri bwinobwino ndipo selo limapitiriza kumupanga, koma aliyense amene wapangidwa amacotsedwa asanagwire nchito. Zolakwika zimayamba kuunjikana pa DNA popanda woziletsa.

Anthu ambiri amene anagonanapo amatenga HPV nthawi ina pa moyo wao, ndipo mwa ambiri thupi limacotsa kalomboka lokha m'caka cimodzi kapena ziwiri. Bvuto limakhalapo pamene kakhazikika. Malinga ndi bungwe la World Health Organisation, pamatenga zaka 15 mpaka 20 kuti khansa iyambe mwa mai amene citetezo cake ca m'thupi ciri bwino, koma zaka 5 mpaka 10 cabe mwa mai amene citetezo cake ndi cofooka. Bungwe lomweli likuti mai amene ali ndi kalombo ka HIV ali paciopsezo cowirikiza kasanu ndi kamodzi kuposa mai amene alibe.

Zaka zimenezi ndiwo mpata umene mai ali nao. M'caka ca 2006 Zambia inayamba nchito yopima azimai pa makiliniki a boma, kuyambira mu Lusaka ndi kufalikira ku zigawo zonse. Nesi amapaka viniga pa khomo la ciberekero, ndipo malo amene maselo ayamba kusintha amaoneka oyera. Malo amenewa angathe kucotsedwa ndi kacipangizo kozizira kwambiri kapena kotentha, nthawi zambiri tsiku lomwelo, asanasanduke khansa. Kupimaku kumatenga mphindi zocepa.

Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa m'dziko lonse la Zambia m'caka ca 2019 kwa atsikana a zaka 14, ndipo m'caka ca 2023 anafikira atsikana a zaka 9 mpaka 14. Katemerayu amaphunzitsa thupi kugwira kalomboka kasanalowe m'selo, ndiye cifukwa cake amaperekedwa mtsikana asanayambe kudziwa mwamuna. Mphekesera zakuti amaumitsa ciberekero ndi zabodza. Azibambo nao ayenera kudziwa kuti mwamuna amanyamula HPV popanda cizindikiro ciriconse, ndi kuti kalombo komweka kamayambitsanso khansa ya ku ziwalo zobisika za mwamuna ndi ya kukhosi.

Pali kalombo kena kamene kamacita zofanana. M'caka ca 1983 dokotala Anne Bayley wa pa cipatala ca University Teaching Hospital mu Lusaka anaona kuti khansa ya pakhungu yochedwa Kaposi yayamba kugwira acinyamata mwaukali umene sunaonekepo kale, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti zinali kucitika cifukwa ca HIV. Kalombo koyambitsa Kaposi kanapezeka m'caka ca 1994, ndipo nako kali ndi puloteni imene imamanga p53 manja. Kamapeza mpata pamene citetezo ca m'thupi cafooka. Motero munthu amene amamwa ma ARV mosadumphitsa amadziteteza ku khansa imeneyi.

CUKU CA M'NSHAWA NDI CIMANGA

Mdani wina wa p53 amalowera pa mbale. Nshawa ndi cimanga zikasungidwa zosauma bwino, kapena zikabvutika ndi cilala ndi tizilombo m'munda, zimagwidwa ndi cuku cimene cimatulutsa poizoni wochedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu anadziwika pambuyo pa caka ca 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya copangidwa ndi nshawa zocokera ku Brazil.

Munthu akadya aflatoxin, ciwindi cimayesa kumuphwanya, koma potero cimamusandutsa cinthu cimene cimamamatira ku DNA. M'caka ca 1991 magulu awiri a ofufuza, lina litapima odwala khansa ya ciwindi a ku Qidong m'dziko la China ndipo lina a kum'mwera kwa Africa, anapeza cinthu cofanana. Mwa odwala ambiri p53 anali ataonongeka pamalo amodzimodzi, pa kamkanda ka nambala 249. Kuonongeka kumeneku kumapezeka kawirikawiri kumadera kumene anthu amadya aflatoxin wambiri ndipo sikuonekaoneka kwina, kotero kuti akatswiri amakutenga ngati cidindo ca poizoni ameneyu. Ciopsezo cimakula kowirikiza kambiri ngati munthuyo alinso ndi kalombo ka Hepatitis B, kamene nako kamaononga ciwindi.

Bvutoli si lakutali. M'mwezi wa August 2024, pambuyo pa cilala ca caka cimeneco, Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti aflatoxin woculuka anapezeka mu unga wa zigayo zina, ndipo agalu pafupifupi 400 anali atafa atadya cakudya copangidwa ndi cimanga coipaco. Poizoni woculuka cotere amadwalitsa nthawi yomweyo, koma wocepa amene amadyedwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri ndiye amabweretsa khansa mwakacetecete.

Cofunika kudziwa ndi cakuti kuphika, kukazinga kapena kusinja sikumaliza aflatoxin. Nshawa zofota, zosweka, zosintha mtundu kapena zowawa ziyenera kusankhidwa ndi kutayidwa. M'nyumba zambiri nshawa zabwino zimagulitsidwa ndipo zotsalazo ndizo zimasinjidwa kuti zikhale nsinjiro zotendera ndiwo ndi zothira m'phala la mwana. Mwambo umenewu umapereka poizoni kwa a m'nyumba momwemo. Kuwaza madzi pa nshawa kuti zifewe pozisenda nako kumaitana cuku. Masaka a cimanga, nshawa ndi unga ayenera kusanjikidwa pa matabwa, kutali ndi cipupa ndi pansi ponyowa, makamaka m'nyengo ya mvula. Unga wonunkha cinyontho kapena woumbika timibulu suyenera kugulidwa ngakhale utachipa motani. Cimanga coola si cakudya ca ziweto, cifukwa poizoniyu amafika mpaka mu mkaka wa ng'ombe.

FODYA, MOWA NDI DZUWA

Utsi wa fodya uli ndi poizoni wochedwa benzopyrene. M'caka ca 1996 ofufuza a ku America anaonetsa kuti poizoni ameneyu akalowa m'maselo a m'mapapo amakamamatira pa jini la p53, pamalo omwewo amene amapezeka oonongeka mwa okoka fodya odwala khansa ya m'mapapo. Umenewu unali umboni woonekeratu wakuti fodya amayambitsa khansa. Fodya wa m'sitolo ndi wopicira yekha pa pepala onse amatulutsa poizoni ameneyu, ndipo mkazi ndi ana amene amapuma utsiwo m'nyumba nao amaulandira.

Khansa ya kum'mero, imene imapezeka kwambiri m'maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa kuphatikizapo Zambia ndi Malawi, ndi imodzi mwa khansa zimene p53 amapezeka woonongeka pafupifupi m'zotupa zonse. Fodya ndi mowa, makamaka waukali monga kacasu, zimakulitsa ciopsezo cake, ndipo zikaphatikizana ciopsezoco cimakula koposa. Cizindikiro cake cacikulu ndi kubvutika kumeza, kuyambira nsima ndi nyama, kenaka phala, potsiriza ndi madzi omwe.

Ceza ca dzuwa naco cimasiya cidindo cake pa jini la p53 m'maselo a khungu. Khungu lakuda liri ndi utoto wacilengedwe umene umachinga ceza cimeneci, koma anthu acialubino alibe citetezo cotere ndipo ambiri amadwala khansa ya pakhungu akali acinyamata. Mwana wacialubino afunika cipewa cacikulu, zobvala za manja atali, mafuta oteteza ku dzuwa ndi mthunzi pa nthawi ya masana. Cilonda cimene sicipola pa khungu lake ciyenera kuonetsedwa kucipatala mwamsanga.

NANGA MANKHWALA?

Cithandizo ca khansa ya zotupa zolimba ndi opaleshoni, mankhwala amphamvu olowetsa m'mitsempha kapena akumwa, ndi kuocha cotupa ndi ceza ca makina. Mankhwala ambiri otere ndi cezaco zimagwira nchito mwa kuononga DNA ya maselo a khansa, ndipo ngati p53 akalimo amathandiza kumaliza nchitoyo polamula maselowo kudzipha. Zotupa zimene p53 wake anaonongeka nthawi zambiri zimakhala zouma mutu, ngakhale kuti nazo zimacizika zikapezeka zikali zazing'ono, makamaka pozicotsa ndi opaleshoni. Cipatala ca Cancer Diseases Hospital ca mu Lusaka cinatsegulidwa m'caka ca 2007 kuti cizithandiza odwala otumizidwa kucokera ku zigawo zonse.

Akatswiri akhala akuyesa njira zobwezeretsa mphamvu ya p53. Ena anapanga mankhwala otsekereza MDM2 kuti p53 aculuke, ena akufuna mankhwala oongola p53 wopunduka. M'caka ca 2003 dziko la China linabvomereza mankhwala ochedwa Gendicine, amene amalowetsa jini labwino la p53 m'zotupa za m'mutu ndi m'khosi. Nchitoyi ndi yobvuta cifukwa kukonza cinthu cothyoka mkati mwa selo n'kobvuta kuposa kutsekereza cinthu cimene cikugwira nchito mopitirira.

Pa cifukwa cimeneci mabanja acenjere ndi anthu amene amagulitsa mizu, timabotolo ndi mapilisi m'misika, m'mabasi ndi pa foni, ponena kuti zimasungunula zotupa. Palibe mankhwala otere amene anatsimikizidwa kuti amaciza khansa. Miyezi imene wodwala amataya pomwa zimenezi ndiyo miyezi imene cotupa cimaphukira mitsempha ndi kufalikira ku ziwalo zina.

ZIMENE BANJA LINGACITE

Selo silisanduka khansa tsiku limodzi. Pamafunika zolakwika zingapo zounjikana kwa zaka zambiri, ndipo banja lingathe kucepetsa zambiri mwa izo popanda kuononga ndalama.

Makolo aonetsetse kuti mwana wao wamkazi walandira katemera wa HPV ku sukulu kapena ku kiliniki, ndi kuti khanda lamaliza akatemera onse a pa khadi, popeza wa Hepatitis B ali m'gulu lomwelo. Mai aliyense wa zaka 25 kupita m'tsogolo akapimitse khomo la ciberekero ngakhale sakumva kuwawa, ndipo abwererenso pa tsiku limene anesi amuuza. Amene ali ndi HIV amwe mankhwala ao mokhulupirika ndi kupimitsa kawirikawiri. Nshawa ndi cimanga zisankhidwe ndi kusungidwa pouma. Wokoka fodya aleke, cifukwa ciopsezo cimayamba kutsika akangoleka, ngakhale atakoka zaka zambiri.

Zizindikiro izi zisanyalanyazidwe: kabulu kolimba m'bere kapena kukhwapa, kutuluka magazi pambuyo pogonana, pakati pa mwezi kapena mai atasiya kale kupita kumwezi, cikazi conunkha cosatha, kubvutika kumeza, cifuwa cosamva mankhwala, magazi m'cimbudzi, kutupa kwa mimba pamodzi ndi maso acikasu, mawanga akuda otupa pa miyendo kapena m'kamwa, cilonda cosapola, ndi kuonda kosadziwika cifukwa cake. Zambiri mwa izi zimayamba popanda ululu, ndipo kusawawa sikutanthauza kuti palibe bvuto.

Khansa siipatsirana pogwirana canza, podyera mbale imodzi kapena posamalira wodwala, ndipo wodwalayo afunika acibale ake pafupi. Azibambo alimbikitse akazi ao kupita kukapimitsa ndi kuwaperekeza ngati n'kotheka, ndipo apongozi ndi alangizi a m'mipingo athandize kucotsa mantha. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mai amene wapita ku kiliniki maselo atangoyamba kusintha angathe kuthandizidwa ndi kubwerera kunyumba tsiku lomwelo, pamene amene wadikira kuti ululu uyambe angafunike ulendo wa ku Lusaka ndi miyezi yambiri ya cithandizo.